Salmonella: m'khola la nkhuku, m'dzira, ndi m'magazi a mwana

Dokotala wa ku London mukamufunsa za salmonella, akuuzani za dzira losapsa, nyama ya nkhuku yophikidwa mothamanga, ndi munthu amene watsekula m'mimba masiku anayi kenako n'kudzuka kubwerera kuntchito. Dokotala wa ana pachipatala cha Gulupu ku Blantyre ayankha zina. Iye akuuzani za mwana wa chaka chimodzi amene wafika thupi lili moto, m'zikhatho ndi m'maso muli mbuu, osatsekula n'komwe, ndipo wamwa kale mankhwala a malungo koma osasintha. Madokotala onse awiriwa akunena zoona, ndipo akunena za banja limodzi la tizilombo. Vuto ndi lakuti zambiri zimene timawerenga pa intaneti zinalembedwa ndi anthu a mbali yoyambayo, motero munthu wa kuno amangomva za mazira, pomwe imfa zambiri za salmonella wolowa m'magazi, wosakhala wa taifodi, zikuchitika mu Africa muno, ndipo zikubwera mwa njira ina.

Salmonella ndi bakiteriya wokhala m'matumbo a anthu ndi nyama. Anamupeza mu nkhumba mu 1885 ku America, mu labotale ya dokotala wa ziweto Daniel Salmon, ngakhale amene anagwira ntchito yeniyeniyo anali womuthandiza wake, Theobald Smith. Mitundu yake imaposa 2,500, koma yovutitsa kwambiri ndi yowerengeka. Ina inasankha nyama imodzi n'kukakamira pomwepo: Typhi, yemwe amayambitsa taifodi, amakhala mwa munthu yekha basi, Gallinarum ndi wa nkhuku ndi mbalame zina zoweta, Dublin amakonda ng'ombe, Choleraesuis amakonda nkhumba. Ina sisankha. Typhimurium ndi Enteritidis amalowa mwa nkhuku, ng'ombe, nkhumba, khoswe ndi munthu yemwe, ndipo awiriwa ndiwo amalumikiza khola ndi khitchini.

Njira yake ndi imodzi nthawi zonse: kuchoka m'chimbudzi cha munthu, m'zitosi kapena m'ndowe, kukafika pakamwa. Asidi wa m'mimba amapha ambiri, koma opulumuka amatsikira m'matumbo, kumene amabaya khoma la matumbo ndi timapuloteni tawo mpaka maselo a pakhomapo amawameza okha. Thupi likayamba kulimbana nawo, matumbo amatupa, madzi amatuluka. Pakatha maola 6 mpaka 72 chidyereni chakudyacho, munthu amayamba kupotokola m'mimba, kutentha thupi, kusanza ndi kutsekula. Kwa munthu wamkulu wathanzi nkhani imathera pamenepo pakatha masiku awiri mpaka 7. Chimene amafunika ndi madzi ambiri ndi Thanzi ORS, osati makapisozi. Maantibayotiki pa kutsekula kotere sachiritsa msanga, ndipo nthawi zina amatalikitsa masiku amene munthu amakhala akutulutsabe kachilomboka.

M'khola

Aliyense amene anawetapo nkhuku za mazira kapena zoyera zija amadziwa m'mawa umene umalowa m'khola n'kupeza anapiye ataunjikana pakona pafupi ndi mbaula, mapiko ali lende, akulira mosalekeza, sakufuna kudya. Ukanyamula kamodzi n'kukatembenuza, kumbuyo kwake kwamatirira chitosi choyera chouma, chatseka potulukira. Pansi pa anzawo pali awiri atafa kale. Amenewa akhoza kukhala matenda a salmonella otchedwa pullorum, ndipo amapha kwambiri m'masabata awiri kapena atatu oyambirira. Chopweteka n'chakuti nthawi zambiri mlimi sanalakwe kanthu: kachilomboka kanachokera mwa thadzi amene anaikira dziralo, n'kufalikira kwa anapiye ena m'makina oswetsera mazira. Anapiyewo anagulidwa atadwala kale. Amene apulumuka amakula bwinobwino, koma ena mwa iwo amasunga kachilomboko m'thupi, n'kudzakapatsira mazira awo. N'chifukwa chake malo oswetsera anapiye amene amasamala ntchito yawo amayeza magazi a nkhuku zoikira ndi kuchotsa zonse zopezeka nako.

Nkhuku zikuluzikulu zili ndi yawo, taifodi ya nkhuku, yoyambitsidwa ndi Gallinarum uja. Nkhuku imazyolika, imamwa madzi kwambiri, imatsekula zachikasu kapena zobiriwira, mazira amachepa, ndipo zimafa imodziimodzi kwa masabata. Ukaitumbula, chiwindi chimakhala chotupa, chosintha mtundu. Kumudzi nkhuku ikafa motere timangoti chitopa, chifukwa chitopa ndicho tinazolowera. Koma chitopa ndi vayirasi, ndipo katemera wake wa I-2 wodonthezera m'diso uja sateteza ku salmonella. Mlimi amene anatemera nkhuku zake mokhulupirika n'kuona zikufabe amataya chikhulupiriro mwa katemera, pomwe katemerayo sanalakwe. Apa m'pamene mlangizi wa ziweto amafunika, ndipo pamene kuli kotheka, nkhuku yakufayo ikayezedwe. Labotale yaikulu ya ziweto ya boma ili ku Lilongwe.

Mitundu iwiri ya nkhukuyi siivutitsa munthu kwenikweni. Imapha chuma cha mlimi, osati mlimiyo. Woopsa kwa munthu ndi amene saoneka. Enteritidis amatha kukhala mwa thadzi wonenepa, wodya bwino, woikira tsiku ndi tsiku, koma atakhazikika m'chiwalo chimene dzira limapangikira. Dzira limatuluka loyera, losasweka, kachilombo kali m'kati chikhungwa chisanatseke n'komwe. Kutsuka dzira lotere sikuthandiza. Ndipotu kutsuka mazira ndi madzi ozizira kumachotsa kachikuto kopyapyala kamene kamatseka timabowo ta chikhungwa, n'kukokera litsiro m'kati.

Mwa ng'ombe, salmonella amagwira kwambiri mathole: amatentha thupi, amatsekula zonunkha, nthawi zina zamagazi, ena amatupa m'mawondo kapena kubanika. Ng'ombe ya bele imatha kupoloza. Yochira imatha kumatulutsabe kachilomboka m'ndowe ndi mumkaka kwa miyezi, ina kwa zaka. Dublin akalowa mwa munthu kudzera mumkaka wosawiritsa sakonda kuthera m'matumbo, amalowa m'magazi, choncho mkaka wogula m'botolo m'mbali mwa msewu uyenera kuwiritsidwa, ngakhale umene mukufuna kupangira chambiko. Mwa nkhumba, makutu ndi kumimba kumachita kudera kofiirira, zimene zimafanana ndi chigodola.

Ndipo khola likangolowedwa, kumuchotsa n'kovuta. Bungwe la WHO limanena kuti salmonella amakhala moyo masabata angapo pamalo ouma, ndi miyezi ingapo m'madzi. Amabisala mu utuchi wakale, m'fumbi la padenga, m'thumba la chakudya limene makoswe adutsamo usiku. Mbalame zakutchire, abuluzi ndi ntchentche zimamunyamulanso. Mlimi amene amagulitsa nkhuku Loweruka n'kulowetsa anapiye atsopano Lolemba pa utuchi womwewo akuwapatsa anapiyewo matenda a akulu awo.

Zimene Britain inaphunzira pa dzira

Mu December 1988, nduna yaing'ono ya zaumoyo ku Britain, Edwina Currie, inanena pa wailesi yakanema kuti mbali yaikulu ya ulimi wa mazira m'dzikomo inali ndi salmonella. Anthu anasiya kugula mazira, malonda anatsika ndi theka kapena kuposa, nkhuku mamiliyoni zinaphedwa, ndipo ndunayo inatula pansi udindo pasanathe milungu iwiri. Mawu ake anakokomeza, koma vuto linalipodi: Enteritidis anali atafalikira m'makola. Chimene chinathetsa mliriwo sichinali kukalipira ophika. Mu 1998 alimi a mazira anakhazikitsa ndondomeko ya chidindo cha mkango, yokakamiza kutemera nkhuku zoikira, kuyeza makola, ndi kudinda dzira lililonse kuti lidziwike kumene lachokera. Odwala anatsika kwambiri, mpaka mu 2017 boma linalengeza kuti ana, amayi oyembekezera ndi okalamba akhoza kudya mazira a chidindocho ngakhale osapsetsa. Nkhondoyo inapambanidwa m'khola. Kwa ife amene tikuona makola a nkhuku zoyera akuchuluka kuseri kwa nyumba za m'tauni, mfundo imeneyi ndi yoyenera kuisunga.

Zimene zinapezeka ku Blantyre

Kuyambira mu 1998, ofufuza a bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala ofika ndi kutentha thupi pachipatala cha Queen Elizabeth (Gulupu). Magazi amaikidwa m'botolo la chakudya cha mabakiteriya, n'kudikira kuti chimene chilimo chimere. Ndi ntchito yodula, ndipo zipatala zambiri za m'chigawo chino siziichita. Chifukwa choti ku Blantyre inachitika chaka ndi chaka osadukiza, dziko lonse linaphunzira kuchokera kuno chinthu chimene mabuku a udokotala sankanena bwino.

Pakati pa 1998 ndi 2004, odwala pafupifupi 5,000 anapezeka ndi salmonella wosakhala wa taifodi m'magazi, theka akuluakulu, theka ana. Anali Typhimurium ndi Enteritidis omwe aja amene ku Ulaya amangotsekulitsa m'mimba. Kuno sankathera m'matumbo. Akuluakuluwo pafupifupi onse anali ndi HIV, pa nthawi imene ma ARV anali asanafike. Kafukufuku wa Melita Gordon ndi anzake wa mu 2002 anapeza kuti mwa akuluakulu otere, 47 pa 100 aliwonse ankamwalira, ndipo mwa opulumuka, 43 pa 100 matendawo ankawabwereranso, chifukwa kachilomboka kamabisala m'maselo a m'mafupa ndi m'kapamba kumene mankhwala safika bwino. Amene anasamalapo m'bale wawo m'zaka zimenezo akukumbukira kutentha thupi kosatha kuja, kobwerabwera, munthu akutha tsiku ndi tsiku. Mbali ina ya kutentha kumeneko inali salmonella.

Kwa ana, zitseko zimene kachilomboka kamalowera ndi zodziwika kwa mayi aliyense: malungo, kuchepa kwa magazi, kunyentchera, HIV, ndi siko selo. Malungo akaswa maselo ofiira a magazi, zotsalira zake zimafooketsa maselo oyera amene ntchito yawo ndi kumeza ndi kupha mabakiteriya. Choncho mwana amene wangochira malungo amakhala pangozi kwa masabata angapo. Msinkhu woopsa kwambiri ndi kuyambira pamene chitetezo chimene mwana anabadwa nacho kuchokera kwa mayi chayamba kutha, miyezi ingapo chibadwireni, mpaka pafupifupi zaka ziwiri, pamene thupi lake limakhala litapanga chakechake. Ndi msinkhu womwewo umene mwana amakwawa pansi, n'kumaika chilichonse m'kamwa, ndi kuyamba phala.

Matendawa alibe chizindikiro chawochawo, ndipo apa m'pamene pali tsoka. Mwana amatentha thupi, amapuma mofulumira ngati chibayo, kapamba amatupa, magazi amachepa. Kutsekula m'mimba nthawi zambiri kulibe. Akamuyeza malungo, mwina apezekadi nawo, popeza ndiwo anatsegula chitseko, ndipo aliyense amakhutira n'kumupatsa LA. Mayi amabwerera kunyumba akukhulupirira kuti mwana walandira chithandizo. Pafupifupi mmodzi mwa odwala asanu aliwonse amene salmonella wawalowa m'magazi mu Africa amamwalira. Kafukufuku wa matenda padziko lonse anayerekeza kuti mu 2017 anthu 535,000 anadwala matendawa ndipo 77,500 anamwalira, ochuluka zedi a kum'mwera kwa Sahara. Ine ndimaona kuti uthenga umodzi uwu ukanayenera kumveka pa sikelo iliyonse: mwana amene wamwa mankhwala a malungo masiku awiri koma thupi likadali moto abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti amalize mapilitsi.

Mankhwala nawonso anagonja motsatizana. Pofika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, salmonella wa ku Blantyre anali atasiya kumva ampicillin, Bactrim ndi chloramphenicol, amene anali mankhwala otsika mtengo opezeka paliponse. Madokotala anasamukira ku ciprofloxacin ndi jakisoni wa ceftriaxone. Tsopano mitundu yosamva ngakhale ceftriaxone inapezeka kale ku Malawi, Kenya ndi Congo.

Mu 2009, asayansi a ku Sanger Institute ku Britain pamodzi ndi anzawo a ku Malawi ndi Kenya, mmodzi mwa iwo Chisomo Msefula, anawerenga majini (malangizo a chibadwa okhala m'kati mwa selo) a kachilombo kotengedwa m'magazi a mwana wa ku Blantyre mu 2004. Anapeza kuti si Typhimurium wamba wa ku Ulaya uja. Ndi mtundu wapadera, umene anautcha ST313, ndipo unali utataya majini ena amene mabakiteriya a m'matumbo amafunikira, monga momwe Typhi anatayira pamene ankazolowera kukhala mwa munthu. Kafukufuku wotsatira mu 2012 anasonyeza kuti mtunduwu unafalikira mu Africa m'mafunde awiri, pa nthawi yofanana ndi kufalikira kwa HIV.

Nanga akuchokera kuti?

Aliyense ankayembekezera kuti yankho lipezeka m'khola. Pakhomo pathu nkhuku zimagona m'khitchini, mbuzi zimadutsa pamene mwana akusewera, ndipo mbale zimatsukidwa pabwalo lomwelo. Ofufuza ku Blantyre anapita m'nyumba za odwala, natenga chimbudzi cha apabanja, zitosi za nkhuku, ndowe, dothi ndi zina za pakhomo. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2022, zinasonyeza kuti salmonella analipodi mwa ziweto ndi pabwalo, koma anali mitundu ina. Mtundu wofanana ndi umene unali m'magazi a wodwala unapezeka mwa anthu a m'nyumba momwemo, amene sankadwala n'komwe. Kafukufuku wa ku Kenya ndi wa ku Burkina Faso analoza komweko. Umboni umene ulipo ukunena kuti salmonella wopha ana athu amayenda kwambiri kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu: m'manja mwa wosintha thewera, m'chidebe cha madzi akumwa chimene aliyense amaviikamo kapu, m'phala lofundira limene lakhala kuyambira m'mawa.

Izi zikusintha pamene tiyenera kuika mphamvu. Kuphera mayi wa kumudzi nkhuku zake sikungapulumutse mwana wake, ndipo kungamulande dzira limene likanamuteteza ku kunyentchera. Chimene chinatsitsa matendawa ku Blantyre m'zaka zotsatira 2004 sichinali mankhwala a salmonella ayi. Anali ma ARV aulere, masikito ndi chithandizo chabwino cha malungo, ndi kuchepa kwa ana onyentchera. Neti imene mwana amagonamo ikumuteteza ku matenda awiri.

Koma khola tisalichotse pa mlandu. Asayansi atapatsa nkhuku ST313 mwadala, kachilomboka kanakhazikika n'kulowa m'chiwindi ndi m'kapamba mwa nkhukuzo. Palibe lamulo la chilengedwe lomuletsa kulowa m'makola athu. Ndipo salmonella wamba wa m'ziweto, amene amangogoneka munthu wathanzi masiku angapo, akhoza kupha khanda, gogo, kapena munthu amene wasiya kumwa ma ARV.

Taifodi, m'bale wake

Pamene matenda aja ankatsika, ena anadzuka. Pakati pa 1998 ndi 2010, chipatala cha Queen Elizabeth chinkapeza odwala taifodi pafupifupi 14 pachaka. Mu 2011 anakwana 67. Mu 2014 anafika 782, ndipo 97 pa 100 aliwonse anali ndi mtundu wosamva mankhwala atatu akale aja, wotchedwa H58, umene unachokera ku Asia. Taifodi wa anthu alibe chochita ndi ziweto. Amachokera m'chimbudzi cha munthu, kuphatikizapo munthu wochira amene kachilomboka kanatsalira mu ndulu yake, n'kulowa m'madzi. Kafukufuku wa ku Blantyre anapeza kuti mabanja ophikira ndi kutsukira ziwiya madzi a mumtsinje ndiwo anali pangozi yaikulu. Amagwira kwambiri ana a sukulu, ndipo akachedwa kuchizidwa amaboola matumbo.

Pa taifodi pali nkhani yabwino, ndipo ndi yathu. Mu 2018, ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku woyamba mu Africa woyesa mphamvu ya katemera watsopano wa taifodi. Jakisoni mmodzi anateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse, ndipo patatha zaka zinayi chitetezocho chinali chikadalipo. Mu May 2023 boma linachita kampeni yotemera ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15 m'dziko lonse, ndipo katemerayu tsopano ali m'gulu la akatemera a ku sikelo. Koma sateteza ku Typhimurium kapena Enteritidis. Katemera wa awiriwa akadali kuyesedwa ndipo palibe amene wavomerezedwa, choncho mwana wobayidwa wa taifodi akatentha thupi afunikabe kuyezedwa.

Paketi ya ufa wachikasu

Pamene khola ndi chipatala zimakumana mosakayikitsa ndi pa mankhwala. Lowani m'shopu yogulitsa za ziweto m'tauni iliyonse, munene kuti anapiye akufa. Mutuluka ndi paketi ya oxytetracycline kapena mankhwala ena osakaniza, popanda amene waona nkhukuzo. Alimi ambiri amathira ufawo m'madzi kuyambira tsiku loyamba, nkhuku zisanadwale, poopa kutaya mpamba. Sindingawaweruze mopepuka, munthu amene watenga ngongole kubanki m'khonde kuti agule anapiye 200 sangaonerere akufa. Koma mankhwala amenewa sachotsa salmonella m'khola. Amachepetsa imfa, n'kusiya nkhuku zosunga kachilombo, ndipo kotsalako kamakhala kataphunzira kupirira. Mabakiteriya amapatsirananso majini a kupirirawo, ngakhale a mitundu yosiyana, motero luso lophunziridwa m'matumbo a nkhuku likhoza kukafika mwa kachilombo kamene kali m'magazi a mwana. Maiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito maantibayotiki pokulitsa ziweto mu 2006. Kuno ngakhale masiku olembedwa papaketi, oti mudikire musanagulitse nyama kapena mazira, ambiri sawawerenga.

Zimene zimagwiradi ntchito m'khola n'zotopetsa koma zotsika mtengo kuposa ufawo. Anapiye agulidwe kumalo odziwika. Gulu limodzi likatuluka, utuchi wonse uchotsedwe, khola litsukidwe, lithiridwe mankhwala, liume ndi kupuma pafupifupi masabata awiri. Chakudya chikhale pamwamba, chotsekedwa, kutali ndi makoswe. Nsapato za m'khola zikhale za m'khola. Nkhuku yofa yokha ikwiriridwe kapena kuotchedwa, isapite mumphika kapena pa chiwaya, ngakhale mtima ukupweteka. Zitosi zikhale pa mulu ziwolerane zisanakafike pa bedi la ndiwo zamasamba, makamaka zodya zosaphika.

Kukhitchini, moto ndiwo umapha salmonella; firiji imangomugoneka. Nyama ya nkhuku ipse mpaka pafupa, pasakhale pofiira, ndipo dzira la mwana, la mayi woyembekezera ndi la wodwala lilimbe ndi chachikasu cham'kati chomwe. Ndiwo zathu zambiri zimapsa bwino, moti ngozi yeniyeni siikhala mumphika. Imakhala pa mpeni umene watumbula nkhuku kenako n'kudula tomato, anyezi ndi kabichi wa pa chipisi, ndi m'beseni limodzi la madzi limene wogulitsa watsukiramo nthutumba, mbale ndi manja kuyambira m'mawa. Kabichiyo sapitanso pamoto. Imakhalanso m'chakudya cha ukwati chophikidwa usiku n'kudyedwa masana a tsiku lotsatira, chitakhala maola ambiri chili chofundira, pa kutentha kumene bakiteriya mmodzi amasanduka awiri pasanathe ola. Chotsala chitenthetsedwe mpaka chitatuluka nthunzi paliponse, ndipo mwana wakhanda amuphikire phala latsopano.